Malonje a Pakati pa Usiku

Mlendo akafika pakhomo, tonse tidziwa coyenera kucita. Timlandira katundu, timyalira mphasa pamthunzi, timpatsa madzi akumwa. Ndipo akapumula, pamenepo timfunsa malonje. Pakumva malonjewo mwini nyumba sacurukitsa mau, angobvomereza pang'ono pang'ono kufikira mlendo atatha zonse za ulendo wace ndi za kumene acokera. Mwambo umenewu tinaupeza, sitinauwerenga m'buku. Koma mwezi uno tifuna kukamba nanu, owerenga athu, za anthu ena a ku America amene kufunsa malonje kunali nchito yao yolandirapo malipiro, ndipo anali kuicita pakati pa usiku, mtundu wao wonse uli kupenya. Zithunzi za maceza ao zasungidwa, ndipo zipezeka pa intaneti. Ife tinayamba kuzipenya monga cinthu cotayitsa nthawi cabe. Koma tisanafike patali zinatitsutsa mumtima pa mlandu wina wakale, umene tidzauulula pa mapeto.

Tiyambe tafotokoza cinthuco. Pa 27 Seputembala 1954, mu mzinda wa New York, kampani ya NBC inayamba pulogalamu ya pa wailesi ya kanema dzina lace Tonight, ndiko kunena kuti usiku uno. Inali kuyamba itapitirira 11 koloko, ana atagona, akuru atatsiriza nchito zao. Makonzedwe ace anali otere: mwini maceza, amene ife tidzamchula wocereza, ayamba waimirira, naseketsa anthu ndi nkhani za tsikulo; atatero akhala pa gome lace, naitana alendo mmodzi mmodzi kudzakhala pa mpando wa pambali pace. Mlendo akatha kuceza asendera ku mpando wautali, napatsa malo mnzace. M'nyumbamo munali oyimba ndi zoyimbira zao, ndi khamu la anthu odzaonerera; koma unyinji weni weni unali wa iwo openya ali kwao, ena ali gone pakama, ndiwo mamiliyoni. Wocereza woyamba anali Steve Allen, munthu wodziwa kuyimba piyano, amene ankakonda kutsikira kumene kunakhala khamu, cimkuzamau ciri m'manja, naceza ndi anthu wamba.

Allen atacoka, mpandowo unagwera Jack Paar, amene anakhalapo kuyambira 1957 kufikira 1962. Iyeyu sanali kubisa za mumtima: akakondwa aseka, akagwidwa cisoni alira misozi pamaso pa onse. Ndiye anaonetsa kuti anthu angathe kukhala maso usiku kumvera kukamba kokha, ngakhale palibe gule kapena nyimbo. Mu 1959 anapita ku Cuba kukaceza ndi Fidel Castro, ndipo ambiri anamdzudzula. Mu 1960 John Kennedy ndi Richard Nixon, popikisana pa utsogoleri wa dziko, anadza yense pa tsiku lace kudzakhala pa mpando wa alendo. Koma anali wa mtima wapacala, ndipo mtima wotere ugwetsa mwini wace. Mu Febuluwale wa 1960 akuru a kampani anadula nthabwala yace ina yonena za cimbudzi, osamuuza; mawa lace iye anauza openya kuti aleka nchito, nanyamuka misozi iri m'maso, nasiya mthandizi wace Hugh Downs atsirize yekha ndi alendo. Anabwerera atapitirira masabata atatu. Ife sitiyamika mwini nyumba wothawa alendo ace cifukwa ca mkangano wa iye ndi akuru ace. Koma timkumbukira Paar cifukwa ca langizo limodzi.

Panali mnyamata wina, Dick Cavett, amene ankamlembera nthabwala. Pamene Cavett anapatsidwa pulogalamu yace yace, Paar anamuyimbira lamya, namcenjeza kuti asamafunse alendo mafunso ondandalika papepala, koma aziceza nao. Poyamba tinayesa kuti ziwirizi ndi cinthu cimodzi, koma taganizani. Mlembi wa kalembera afunsa dzina, zaka, mudzi, mfumu. Ndipo inu muli kuyankha funso loyamba, diso lace liri kale pa laciwiri. Mukamuuza kuti nyumba yanu inapsa dzulo, iye angofunsa kuti ana muli nao angati, pakuti papepala pace palibe malo a nyumba yakupsa. Wocereza weni weni satero. Funso lace laciwiri libadwa m'yankho la loyamba, ndipo cifukwa cace sangalidziwe asanamve. Nzeru yonse ya anthu tiri kunenawa yagona pamenepa.

Wochuka koposa onse anali Johnny Carson, wobadwira ku Iowa mu 1925, nakulira ku Nebraska. Iye anakhala pa gome la Tonight kuyambira pa 1 Okutobala 1962 kufikira pa 22 Meyi 1992, pafupi zaka makumi atatu. Omdziwa anena kuti kunja kwa nchito anali munthu wamanyazi, wosakonda maphwando. Ndipo kapena manyazi omwewo ndiwo anamphunzitsa kukhala cete. Luso lace linali lakukweza mlendo. Akaona kuti mlendo ali ndi nthabwala, anali kumlambulira njira, namleka ainene yekha, kuti kuseka kwa khamu kukhale kwa mlendoyo. Akaona kuti mlendo wagwidwa ndi mantha, anali kudziseka yekha kufikira mtima wa mnzaceyo utakhala pansi.

Ndipo sanasankha ochuka okha. Mu 1987 anaitana mai wina wacikulire, Myrtle Young, wa ku Fort Wayne m'cigawo ca Indiana, amene nchito yace inali kusankha tizidutswa ta kacewere wokazinga m'fakitale. Maiyo anasunga tizidutswa tina tofanana ndi nkhope za anthu ndi nyama, natisamala ngati cuma. Ali kuonetsa cumaco anaceukira kumbali, ndipo pomwepo anamva kukukuta. Anatembenuka, dzanja liri pamtima, poyesa kuti Carson wamdyera cuma cace. Koma Carson anaturutsa msanga mbale yace yace imene anaibisa kuseri kwa gome, ndipo onse anaseka, maiyo pamodzi nao. Taonani malire ace: anamdzidzimutsa kamphindi, koma sanamcititsa manyazi, ndipo sananyoza cimene maiyo anacikonda.

Koma kulemekeza mlendo si kubvomereza zonse azinena. Mu 1973 kunadza Uri Geller, mnyamata wa ku Israel, wonena kuti akhoza kupinda masupuni ndi mphamvu ya maganizo okha. Tsono Carson anaphunzira matsenga a m'manja kuyambira ali mwana, ndipo anadziwa kuti diso la munthu linyengeka msanga. Anafunsira nzeru kwa James Randi, katswiri wa matsenga otere, nakonzeratu masupuni ndi zipangizo zace zace, osalola anthu a Geller kuzikhudza. Geller anayesa, nazengereza, napempha nthawi, nanena potsiriza kuti usiku umenewo sanadzimva wamphamvu. Carson sanamtonza, sanamucha wonyenga. Anangomuuza kuti asafulumire, nadikira. Kudikirako ndiko kunanena zonse, ngakhale kuti ambiri anapitirirabe kumkhulupirira Geller. Wocerezayo anakumbukira kuti openya kunyumba ali alendo acenso, ndipo sayenera kuwaonetsa cozizwitsa cimene sicinayesedwa.

Nanga nkhani zolemera, za imfa, za nkhondo, za tsankho la mitundu? Pamenepa Carson anali wocenjera, ena ati wamantha. Sanali kuulula mbali imene anaima pa ndale. Ndipo mu 1979 anauza mtolankhani Mike Wallace kuti woseketsa anthu akayamba kuweruza milandu ya dziko agwa m'ngozi yakudziyesa wamkuru. Koma cimene anakana kunena yekha anacipatsa malo kuti ena acinene. Carl Sagan, katswiri wa za nyenyezi, anadza nthawi zoposa 20 kudzafotokozera anthu wamba za kukula kwa thambo. Ndipo mu Febuluwale wa 1968, dziko liri m'cipwirikiti cifukwa ca nkhondo ya ku Vietnam ndi kulimbana kwa anthu akuda pofuna ufulu wao, Carson anapereka mpando wace sabata yathunthu kwa Harry Belafonte, woyimba wakuda. Belafonte anaitana Robert Kennedy, naitananso Martin Luther King. Anthu amene anazolowera kumuona King ali kulalikira kapena ali patsogolo pa khamu, usiku umenewo anamuona atakhala pansi, ali kuseka, nanena nthabwala. Ndipo pa maceza omwewo Belafonte anamfunsa ngati aopa kuphedwa. King anayankha mofatsa kuti cacikuru si kutalika kwa moyo, koma umo munthu aukhalira. Pa 4 Epulo caka comweco anamuombera mfuti ku Memphis, ndipo mu Juni Kennedy anaphedwanso ku Los Angeles. Funso lotere silifunsidwa pa msonkhano wa anthu opfuula; alifunsa ndi bwenzi, usiku, mlendo atamasuka. Cacisoni ndi cakuti zambiri za sabata imeneyo zinafafanizidwa, pakuti masiku amenewo kampani inali kujambula zatsopano pamwamba pa zakale.

Carson mwini anayesedwa pa 9 Meyi 1991. Bwenzi lace Michael Landon, wocita zisudzo za pa kanema, anali atauzidwa ndi madokotala kuti ali ndi khansa yosacizika, ndipo anadza kudzakhala pa mpando uja. Wina akadabvala nkhope ya maliro, namlira mnzace akali moyo. Koma Landon anadza ndi nthabwala, ndipo Carson anaseka naye. Pamene Landon analeka kuseka, nadzudzula manyuzipepala amene anali kumwerengera masiku otsala, Carson anakhala cete, namleka anene. Akuru anati, Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko; momwemonso wodwalayo ndiye anasankha poseka ndi polekera, ndipo wocereza anangotsata pambuyo. Landon anamwalira pa 1 Julayi, isanathe miyezi iwiri.

Tibwerere kwa Cavett uja. Iyenso anali wa ku Nebraska, wobadwa mu 1936, wophunzira pa sukulu yaikuru ya Yale. Ndipo kuyambira Disembala wa 1969 kufikira Januwale wa 1975 anacereza alendo usiku pa kampani ya ABC, pa ora lomwelo la Carson. Iyeyu ankawerenga buku la mlendo asanakomane naye, ndipo nthawi zina anapereka mphindi zonse 90 kwa munthu mmodzi. Katharine Hepburn, mai wochuka wa zisudzo amene anakana maceza otere zaka zambiri, anadza mu 1973 kudzangoona malowo; anadandaula za kapeti ya pansi ndi za kagome, ndipo mwadzidzidzi anati ayambe pomwepo. Cavett sanati adikire khamu kapena tsiku lopangana. Anakhala pansi nayamba, ndipo maceza ao anadzaza mausiku awiri. Mu Juni wa 1971 anakhazika pamodzi anyamata awiri amene onse anamenya nkhondo pa mabwato a m'mitsinje ya Vietnam: John Kerry, wonena kuti nkhondoyo ileke, ndi John O'Neill, woikira kumbuyo boma. Anawapatsa usiku wonse, namvera mbali zonse ziwiri monga icita mfumu pabwalo. Boma la Nixon linaipidwa naye. Ndipo m'mau ojambulidwa a m'nyumba ya mtsogoleriyo, amene anaululidwa pambuyo pace, Nixon amveka ali kufunsa ngati pali njira yomkhaulitsira Cavett.

Koma iyenso anapunthwa. Mu Disembala wa 1970 analandira Lester Maddox, bwanamkubwa wa cigawo ca Georgia, wodziwika ndi kulekanitsa azungu ndi anthu akuda. Ndipo pambali pace panakhala Jim Brown, munthu wakuda, katswiri wa mpira wa kumeneko. Brown anafunsa ngati azungu atsankho anambvuta bwanamkubwayo cifukwa ca zabwino zimene anati wacitira anthu akuda. Pobwereza funsolo Cavett anasintha liu limodzi: pamene Brown anati atsankho, iye anati okonda bwanamkubwa, ngati kuti onsewo ndi amodzi. Maddox anapsa mtima, nafuna kuti apepese isanathe mphindi imodzi. Cavett anapepesa mocenjera, nati apepesa kwa okhawo amene sali atsankho; khamu linakondwa, ndipo Maddox ananyamuka nacoka. Ambiri ayamika Cavett pa usiku umenewo, ndipo ifenso tsankho la Maddox sitigwirizana nalo konse. Koma taonani cotsala: mpando wopanda munthu, ndi funso la Brown losayankhidwa. Liu lakuthwa likondweretsa khamu, koma lithamangitsa yankho. Cokoma ndi cakuti awiriwo sanasunga cidani, ndipo Maddox anadzabweranso tsiku lina.

Tisawayese anthu awa oposa anzao m'makhalidwe. Inali nchito ya malonda. Alendo ambiri anadza kudzatsatsa buku kapena kanema wao watsopano. Anchito a wocereza ankayamba aceza nao m'seri kuti adziwiretu nkhani zokoma. Ndipo pakati pa mau olemera maceza ankadulidwa kuti alengeze sopo kapena galimoto. Nthawinso inanka nicepa. Pamene Carson anayamba, pulogalamu yace inali ya mphindi 105; mu 1980, pa kupempha kwa iye mwini, inatsika kufika pa 60, ndipo cimene cinacepa koposa ndi cigawo cotsiriza, cimene ankakhalamo olemba mabuku ndi ophunzira. Cavett anali ndi openya ocepa kuposa Carson, ndipo mu 1973 kampani yace inampatsa sabata imodzi yokha pa mwezi. Koma kukamba kwakuya kufanana ndi nyemba zouma, sizipsa pa moto wa mapesi. Munthu sayamba ndi cimene cambweretsa. Ayamba ndi za mvula ndi za njira, ndipo ca mumtima cidza potsiriza.

Tsono tiulule mlandu wathu. Ife aphunzitsi tinaphunzitsidwa kufunsa, koma mafunso athu ndi amene mayankho ace tiwadziwa kale. Ndipo mwana akacedwa kuyankha timtsirizira mau. Cizolowezi cimeneci sicitsala m'kalasi, citsata munthu kufikira kunyumba. Zaka zambiri zapitazo, lamya za m'manja zisanafike m'midzi, tiri pa sukulu ina ya kutali ndi mseu, kunadza madzulo ena bambo okalamba, agogo ace a mnyamata wina amene anajomba masabata awiri. Tinawayalira mphasa, tinawapatsa madzi, monga mwa mwambo. Anayamba malonje ao ndi za mtsinje umene unadzala, ndi za anyani amene anali kuononga cimanga; ndipo ife, poyesa kuti tadziwa kale cimene adzera, tinawadula. Tinanena za kujomba, za mayeso oyandikira, za makolo osasamala maphunziro a ana ao. Tinanena bwino ndithu, mau ace osalala. Iwo anangoti, "Inde, aphunzitsi, zoona, aphunzitsi," maso ali pansi, ndipo mdima uli kuyamba anatsazika, natola ndodo yao, napita. Tinawaperekeza pang'ono, tiri okondwa kuti tawalangiza.

Patapita masabata atatu tinamva za maliro. Amai ace a mnyamatayo anali gone pamphasa nthawi yonseyo, ndipo mwanayo ndiye anali kutunga madzi ndi kuphika phala. Agogo aja anayenda ulendo wonsewo kudzatipempha kuti tiwalembere kalata ya Cingelezi yopita kwa akuru a nchito kumene kunali atate ace a mwana, kuti awamasule abwere kumudzi. Atamva cidzudzulo cathu anacita manyazi kupempha. Anapeza wina wowalembera patapita masiku, ndipo bamboyo anafika atafotsera kale manda. Sitinena kuti kalata yathu ikadaciza wodwala. Koma ikadampatsa mwamuna kuona nkhope ya mkazi wace akali moyo. Cimene cinafunika kwa ife sicinali nzeru kapena ndalama, koma kutseka pakamwa mphindi zisanu.

Ndi cifukwa cace, pamene tinaona Carson ali cete pamaso pa bwenzi lace lodwala, nkhope imene inatidzera m'maganizo sinali ya ku America. Anthu aja anaphunzira pa nchito, mamiliyoni ali kupenya, cimene makolo athu anatipatsa kwaulere pamphasa, ndipo ife tinacitaya. Owerenga athu, ambiri a inu mulandira alendo koposa ife: inu akuru oweruza milandu ya mabanja, inu amai amene atsikana adza kwa inu madzulo, inu atate amene mwana aima pakhomo nazengereza. Mlendo akayamba za mtsinje ndi za anyani, mlekeni. Ali pa njira, sanafike. Akatha, funsani cocokera m'mau ace, si cocokera m'mutu mwanu. Akanena cimene mucikayika, ciyeseni mofatsa, osamnyoza. Akakhala cete, inunso khalani cete pang'ono, pakuti kawiri kawiri cimene cambweretsa cidza pambuyo pace.

Mlendo ndi mame, anatero akuru, sacedwa kukamuka. Paar anamwalira mu 2004, Carson mu 2005. Koma mau ambiri a alendo ao alipo, ndipo ali yense akhoza kuwamva. Agogo aja anamwalira kale iwonso. Koma malonje ao palibe anawasunga, pakuti amene anayenera kuwamva anali kulankhula.